Kuwerenga Mapazi a Njovu ku Vwaza

Tambala woyamba asadalire, mfuwu idamveka kumunsi kwa mudzi, cha kudambo. Zitini zinkalira, agalu akuuwa, ndipo mayi wina ankabwereza liwu limodzi lokha la Chitumbuka: "Zovu! Zovu!" Ine mlendo ndidadzambatuka pamphasa n'kuyamba kupapasa nsapato mumdima, koma mwini nyumba adandigwira dzanja. "Khalani pansi, achimwene," adatero. "Njovu sitiionerera usiku. Mukaona kukacha." Ndidakhala pansi, ndipo ndisaname, mumtima ndidathokoza.

Kudali m'mwezi wa Epulo, m'mudzi wina wa m'boma la Rumphi kumpoto kwa Malawi, pafupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama ya Vwaza. Bungwe limene ndimagwirako ntchito lidandituma kukatola nkhani ya makalabu a alimi a njuchi, nkhani zokoma zija zimene timaika m'malipoti pamodzi ndi zithunzi za anthu akumwetulira. Nkhaniyo ndidailemba ndipo idapita kumene nkhani zotere zimapita. Imene ndakusungirani inu, awerengi a tsamba lino, ndi ya zimene ndidaona kutacha, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu, kaya muli ku Lundazi, ku Kasungu, ku Tete kapena m'chigwa cha Zambezi, mumalima moyandikana ndi nyama zomwezi.

Munda udali wa mayi wina wamasiye. Chimanga chidali chitakhwima, kutangotsala milungu iwiri kuti achidule n'kuchiimika m'mikukwe. Tidapeza gawo lalikulu la mundawo litagona pansi, mapesi othyokathyoka, maungu ophwanyidwa, nthochi za m'mphepete zitang'ambidwa pakati ngati nsalu. Mayiwo sadalire. Adali atayala chitenje pansi akutola chimanga chimene chidapulumuka, chimodzichimodzi. Anthu ankalankhula mokweza, ena akudzudzula boma, ena agemu, monga amatchulira asilikali oteteza nyama. Koma bambo mmodzi wachikulire, amene pano ndingowatchula kuti adada monga amachitira anthu akumeneko, sadalowe nawo m'phokosolo. Iwo adali ataweramira pansi, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa munda momwe dothi lidali lofewa.

Adasenda luzi, nalizunguliza pamene padaponda phazi limodzi looneka bwino, nadula. Kenaka adayesa luzilo kawiri pa nsungwi yaitali n'kuiimika pafupi ndi ine. Chizindikiro chidandipitirira mutu kutali. "Apa ndiye paphewa pake," adatero. Njira yake ndi iyi: ukazunguliza phazi lakutsogolo la njovu, muyesowo n'kuuwirikiza kawiri, wapeza pafupifupi msinkhu wake kuchokera pansi kufika paphewa. Phazi lakutsogolo limasiya chidindo chobulungira, pamene lakumbuyo limasiya chotalikirapo ngati dzira. Kunsi kwa phazi kuli ming'alu yosiyana pa njovu iliyonse, monga zimasiyanirana zidindo za zala zathu, ndipo nyamayo ikamakalamba chidendene chimaperepeseka n'kusalala. Adada adandilozera mng'alu wina wopingasa. "Uyu ndi mnzanga wakale. Chaka chatha adadya kwa alamu anga." Adawerenga njovu zitatu, yaikuluyo ndi ziwiri zocheperapo, ndipo popeza padalibe phazi la mwana ngakhale limodzi, adatsimikiza kuti zonse ndi zamphongo.

Ndowe nazo adaziwerenga. Njovu yaikulu imadya chakudya cholemera makilogalamu 150 kapena kuposa pa tsiku, koma mimba yake imagaya chosafika theka, n'chifukwa chake ndowe zake sizisunga chinsinsi. Adaphwanya mulu umodzi ndi kamtengo. Mudali ulusi wa makungwa, nthangala za mfula, ndiponso maso a chimanga ndi nthanga za maungu. Ine ndidati umenewu ndi umboni wa zimene zadyedwa m'munda uno. Adada adaseka. "Mwana wanga, kodi inu nsima mumadya usiku imatuluka nthawi yomweyo?" Chakudya chimatenga tsiku lathunthu kapena masiku awiri m'mimba mwa njovu. Chimanga chidali m'ndowe zija chidali cha munda wina, chimene zidadya dzulo lake kapena dzana. Dzuwa lisadafike pamutu, mnyamata wina wapanjinga adabwera ndi uthenga wakuti kutsidya kwa mtsinje nakonso adalira usiku wa dzana.

Titabwerera kumudzi adada adaitana mdzukulu wawo, mtsikana wa Sitandade 7, nabwera ndi kope lasukulu lodetsedwa ndi utsi. Iwo salemba, koma amauza mwanayo zoti alembe: tsiku, munda wa yani, njovu zingati, zamphongo kapena za ana, zalowera pati, zatulukira pati, ndiponso mwezi udali bwanji kumwamba. Akhala akuchita zimenezi kwa zaka zingapo popanda wowatuma, popanda alawansi, popanda maphunziro a kuhotela. Nditawafunsa chifukwa chake adati, "Pamsonkhano aliyense amati njovu zimabwera tsiku lililonse, paliponse. Ukanena choncho palibe angakuthandize, pakuti palibe munthu angalonde paliponse tsiku lililonse." Adatsegula kopelo. Masamba a Disembala ndi Januwale adali pafupifupi oyera. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale kufika Meyi adali odzaza. Malo olowera ankabwerezabwereza: pa mkuyu, pa mkuyu, pa chulu, pa mkuyu. Ndipo pa mzere wa mwezi, liwu lochuluka lidali lakuti "mdima".

Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditabwerera ku ofesi ndidafufuza zimene akatswiri a zanyama adalemba, ndipo ndidachita manyazi pang'ono poona kuti zambiri zimene timaitanira alangizi odula, kope la adada lidazinena kale. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, Patrick Chiyo ndi anzake adapeza kuti njovu zolowa m'minda zidali zamphongo, ndipo kagulu kochepa ka zozolowera ndiko kankalowa kawirikawiri, kuposa zina zonse kuziphatikiza pamodzi. Adapezanso kuti yamphongo yaing'ono imayamba khalidweli ikamayenda ndi yaikulu imene idazolowera kale. Ndidakumbukira mapazi atatu aja. Ku Mikumi m'dziko la Tanzania ofufuza adaona kuti njovu zimachepetsa kulowa m'minda mwezi ukakhala wathunthu, poti zimadziwa kuti anthu aziona msanga. Ndipo ku Sengwa m'dziko la Zimbabwe, Loki Osborn adaonetsa chifukwa chake vutoli limakula kumapeto kwa dzinja: nthawi imeneyo udzu wam'tchire wayamba kukhwima n'kutaya chakudya chake, pamene m'minda chimanga, mapira ndi maungu zafika pokoma penipeni. Njovu siibwera chifukwa cha nkhanza kapena chifukwa chakuti wina waituma, monga ena amakhulupirira. Imabwera chifukwa yayerekeza phindu ndi ngozi, ndipo yaona kuti phindu lapambana.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene njovu zimakhalira pazokha. Gulu limene mumaliona lili ndi ana ndi la zazikazi zapachibale, lotsogozedwa ndi yaikazi yaikulu imene imakumbukira kumene kuli madzi ndi kumene kuli ngozi. Bere la njovu limatenga miyezi 22, tsono mayi amene wavutikira mwana nthawi yonseyo sakonda kumuika pangozi, ndipo gulu lotere likalowa m'munda ndilo loopsa kwambiri kwa wolondera. Yamphongo ikafika zaka 12 mpaka 15 imachoka kubanja n'kumayenda yokha kapena ndi zamphongo zinzake. Kukula thupi ndiko kumaipatsa mwayi wokwera zazikazi, choncho chakudya cha m'munda n'chokopa kwambiri kwa iyo. Pali nyengo ina pamene yamphongo imatuluka madzi akuda pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukuchucha m'miyendo. Imeneyo musaiyandikire, ngakhale muli gulu. Maso a njovu saona patali, koma mphuno ndi makutu ake n'zakuthwa. Adada amayenda ndi phulusa m'kathumba. Akamalowa pamalo okayikitsa amawaza pang'ono kuti aone kumene mphepo ikupita, ndipo salola kuti mphepo ichoke kwa iwo kupita kwa nyamazo.

Anthu atakwiya pempho limakhala limodzi: agemu abwere adzaombere. Ndikumvetsa mkwiyo umenewu, ndipo pali nthawi imene njovu yapha munthu kapena yazolowera kuphwasula nkhokwe moti palibe kuchitira mwina. Koma m'mayiko ambiri zaoneka kuti kuombera kumapereka nyama ya tsiku limodzi ndi mtendere wa masabata ochepa. Kawirikawiri yophedwa si yolakwayo, chifukwa agemu amafika kutacha n'kuombera imene aipeza pafupi, ndipo ngakhale ikhale yolakwayo, malo ake imatenga ina. Palinso china. Ku Pilanesberg m'dziko la South Africa adasamutsirako njovu zazing'ono zamasiye popanda zazikulu. Zamphongo zitakula zidapenga, zidapha zipembere zoposa 40 m'zaka za m'ma 1990. Mu 1998 adabweretsa zamphongo zazikulu 6 kuchokera ku Kruger, ndipo kuphako kudaleka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ngakhale pakati pa njovu. Yaikulu yomweyo imene ingaphunzitse ana kuba ndiyonso imawaletsa misala. Nkhani ya zinyama ilibe yankho lofewa, ndipo amene akukuuzani kuti ali nalo mumufunse ngati adagonapo pachilindo.

Vwaza ndi chigwa chotentha cha makilomita pafupifupi 1,000 m'bwalo lake lonse, chokhala ndi madambo, mitengo ya tsanya ndi ya miombo, ndipo kumadzulo chimachita malire ndi Zambia. M'chilimwe madzi akaphwa m'tchire, njovu, njati, nswala ndi ngoma zimasonkhana ku kanyanja ka Kazuni ndi mumtsinje wa South Rukuru, kumalire a kummwera, kumene kulinso midzi yothithikana ya alimi a fodya ndi chimanga. Njovu sizidziwa chiphaso. Zimawoloka kupita ku Zambia ndi kubwerera monga zinkachitira kale malire asadalembedwe. N'chifukwa chake mu 2015 Malawi ndi Zambia adasainirana pangano loteteza pamodzi nkhalango za m'malire mwawo, ndipo mu 2023 boma la Malawi lidagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20.

Koma wogwira ntchito yachitukuko amene wafika kumeneku asaiwale mbiri. M'zaka za m'ma 1970, pamene malire a Vwaza ndi Nyika ankakulitsidwa, mabanja ambiri adasamutsidwa, kusiya minda, mitengo yazipatso ndi manda a makolo mkati mwa nkhalango. Adada adali mnyamata nthawi imeneyo. Pamene ife timati njovu yalowa m'munda wa munthu, iwo amakumbukira tsiku limene munthu adatulutsidwa kuti njovu ikhale. Lamulo loteteza nyama ku Malawi lidakhwimitsidwa mu 2017 moti wopezeka ndi minyanga angathe kukhala kundende mpaka zaka 30, koma mayi wamasiye uja sadayembekezere chipukutamisozi chilichonse pa chimanga chake. Ku Botswana boma limapereka, ngakhale alimi akumeneko amadandaula kuti n'chochepa. Zoona, kudzera m'bungwe la anthu ozungulira nkhalangozi la Nyika Vwaza Association midzi imalandirako gawo la ndalama zimene nkhalango zimapeza, ndipo anthu amaloledwa kumweta udzu, kufula uchi ndi zina pa nthawi yake. Komabe mdadada wasukulu ndi wa mudzi wonse, pamene njala ya chaka chino ndi ya nyumba imodzi. Kusiyana kumeneku malipoti athu sakonda kukutchula. Anzathu a ku Kasungu ndi a kutsidya ku Zambia akudziwa kulemera kwa nkhaniyi kuyambira 2022, pamene njovu 263 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde, madandaulo a minda yowonongeka ndi imfa za anthu n'kuchuluka.

Mbali ina ya malire a Vwaza kuli mpanda wamagetsi oyendera dzuwa, ndipo kumene ukugwira ntchito anthu akugona. Koma mpanda ndi wamoyo pokhapokha udzu wa pansi pake ukulambulidwa, mabatire ali m'malo, ndipo waya sakudulidwa kukapanga makhwekhwe. Zamphongo zozolowera zimaphunzira kuti mnyanga sugwidwa magetsi, kapena zimagwetsera mtengo pa waya n'kudutsa. Choncho mlimi sangataye zida zake zazing'ono.

Chida choyamba ndi tsabola. Chitamba cha njovu chimamva fungo mwamphamvu kotero kuti tsabola woŵaŵa amaizunza. Alimi a m'chigwa cha Zambezi, ku Zimbabwe ndi ku Zambia, ndiwo adayamba kusinja tsabola wouma, kumusakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto, n'kupaka pa zingwe za khonje ndi nsanza zomangidwa m'mphepete mwa munda. Ena amaumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, kuziumitsa, n'kumazifukiza usiku kumbali kumene mphepo itengere utsi kwa nyamazo. Kuvuta kwake n'kwakuti mvula imatsuka mankhwalawa ndipo amafunika kupakanso kawirikawiri, ndiye munthu wosauka sangazungulize munda wonse kwa miyezi inayi. Apa ndi pamene kope lija limasanduka ndalama. Ukadziwa kuti zimalowera pa mkuyu ndi pa chulu, m'masabata amdima a Malichi ndi Epulo, tsabola wako wochepayo umadziwa pomuika ndi tsiku lomupaka, ndipo anyamata olondera amadziwa usiku umene angagone ndi umene sayenera kuphethira.

Chida chachiwiri ndi njuchi, ndipo apa ntchito imene adanditumira ija idakumana ndi nkhani ino. Khungu la njovu n'lochindikala, koma mkati mwa chitamba, m'mbali mwa maso ndi kuseri kwa makutu njuchi zimaluma ndithu. Mu 2007 Lucy King adaonetsa ku Kenya kuti mabanja a njovu amathawa akangomva kulira kwa njuchi zokwiya. Kuchokera pamenepo padabadwa mpanda wa ming'oma: mng'oma umodzi pa mamita 10 alionse, wolendewera pakati pa mitengo iwiri, yonse yolumikizidwa ndi waya mmodzi. Njovu ikakankha waya ming'oma imagwedezeka, njuchi n'kutuluka. Ku Sagalla, pafupi ndi nkhalango ya Tsavo, zotsatira za zaka 9 zimene zidatuluka mu 2024 zidaonetsa kuti m'nyengo imene mbewu zili m'munda, njovu zoposa 8 mwa 10 zilizonse zidabwerera pampanda. Koma kafukufuku yemweyo adaonetsanso kuti chilala chitagwa njuchi zidathawa m'ming'oma yambiri, mpanda n'kufooka. Mng'oma wopanda njuchi ndi bokosi chabe. Amene akufuna mpanda wotere ayambe waganiza za madzi, mthunzi ndi maluwa a njuchizo, ndiponso za mankhwala amene amapopera fodya ndi thonje pafupi.

Tili pa njuchi pomwepa, ndisadumphe mbalame ija ya nsadzu, imene imatsogolera munthu ku njuchi. Ena a m'tauni amaiyesa nthano. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake adafalitsa zimene adapeza pakati pa Ayao ofula uchi m'nkhalango ya Niassa kumpoto kwa Mozambique. Alenje akumeneko ali ndi kaitanidwe kawokawo, kakuti "brrr-hm". Poyenda ndi mawu wamba, njuchi zinkapezeka pa maulendo 17 mwa 100. Poitana mwa makolo, pa maulendo 54. Mbalame yam'tchire, yosawetedwa ndi munthu, imadziwa liwu la anthu a dera lake, ndipo malipiro ake ndi phula lotsala. Adada adati kwawo mbalameyi ilipo, koma anyamata amakono saiyankha, nayonso yayamba kukhala chete.

Mvuu za ku Kazuni sindidakhale nazo nthawi yaitali. Zimatuluka usiku kukadya msipu, zimatsata njira imodzimodzi, ndipo miyendo yake yaifupi siilumpha ngalande yakuya ya m'mbali zoongoka. Ngozi yaikulu ndi kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi mbandakucha. Koma kanthu koopsa kuposa mvuu ku Vwaza n'kakang'ono: kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Tizilombo ta matendawa timakhala m'magazi a nyama monga mbawala ndi ng'ombe, ndipo kashembe amakonda kwambiri magazi a njiri. Amakopeka ndi zinthu zoyenda ndiponso mtundu wakuda ndi wabuluu, n'chifukwa chake nsalu za mitundu imeneyi zonyikidwa m'mankhwala zimapachikidwa m'tchire. Wozitenga kukasoka malaya akudziitanira maliro. Mu 2019 ndi 2020 odwala adachuluka kwambiri kuzungulira Vwaza. Matendawa amayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi mutu, nthawi zina ndi chotupa polumidwa, ndipo akalekereredwa amapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Wochokera kutchire amene wamwa mankhwala a malungo koma osachira apite msanga kuchipatala akanene kuti adalumidwa ndi kashembe. Kale odwala kwambiri ankabayidwa jakisoni woopsa wa melarsoprol. Mankhwala akumwa a fexinidazole adayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidavomereza kuti ndi oyenera pa mtundu uwu wa kaodzera.

Ndisadabwerere kumwera ndidakwera ku Nyika kudzera pa chipata cha Thazima. Ulendo wa maola ochepa umakuchotsa m'dziko la kashembe n'kukufikitsa kumene mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi. Nyika ndiyo paki yoyamba ya Malawi, idakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978 kufika pa makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake. Pamwamba pake ndi zitunda za udzu zopitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira pang'ono mamita 2,600. Cha ku Chelinda ndidakhala tsiku lonse pachitunda chimodzi, kuyesa kuchita monga adada, kungoyang'ana. Mbidzi zinkadya udzu wautali wokhakhala, mitu pansi, koma nthawi zonse imodzi idali chiimire. Achilembwe, a nkhope zoyera ndi zakuda ngati ovala nyau, ankasankha udzu mosamala, ndipo yaikazi ina inkabwerera kawirikawiri pa tsinde limodzi la udzu wowirira. Mlonda amene adandiperekeza adati pamenepo yabisa mwana, pakuti chilembwe amabisa mwana wake kwa masabata angapo asadamulowetse m'gulu. Ntchefu, zazikulu ngati ng'ombe zamphongo, sizidalole kuti tiziyandikire. Chisanu chikalimba mu Juni ndi Julayi nyama zambiri zimatsikira kumunsi kofunda, n'kubweranso mvula ikayandikira. Njovu nazo zilipo. Mu 2017 adawonjezerapo 34 zochokera ku Liwonde.

Chimene chimalamulira moyo pa Nyika ndi moto. Moto woyatsidwa msanga, udzu usadaumitsitse, umayenda pang'onopang'ono, umasiya zigamba zosapsa, ndipo pa lupsa pamaphuka msipu umene nyama zimathamangira. Oyang'anira paki amatentha motero mwadala. Opha nyama mozembera lamulo nawonso amadziwa kuti msipu umaitana nyama, koma wawo ndi moto wa Sepitembala ndi Okutobala, waukali, wa mphepo, umene umanyambita m'mphepete mwa tinkhalango tobiriwira ta m'zigwa chaka ndi chaka mpaka titatha. Mlimi wa ku Karonga angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji. Udzu, madambo ndi tinkhalango ta pa Nyika zimamwa mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa madzi pang'onopang'ono chaka chonse m'mitsinje ya North Rukuru, Wovwe, North Rumphi ndi ina. Mpunga wa pa sikimu ya Wovwe ndi magetsi opangidwa pa mtsinje womwewo zimayambira pa zitunda zimenezi. Pamwamba pakapsa moipa, madzi amatsika onse nthawi imodzi m'dzinja, chilimwe n'kusiya mchenga.

Pali tinthu tiwiri tina timene ndidauzidwa kuti ndibwerere m'dzinja kudzationa. Koyamba ndi maluwa a chinaka, amene ku Zambia amati chikanda. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya banja la maluwa amenewa. Timbatata take ta pansi timakumbidwa n'kugulitsidwa, makamaka ku Zambia kumene chikanda chili pa msika waukulu, ndipo wokumba akazula zonse sipameranso kanthu. Tanzania idafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa otere. Kachiwiri ndi namzeze wabuluu wa mchira wautali, amene amafika mvula ikamayamba, namanga chisa chadothi m'maenje ndi m'magombe a timitsinje, kenaka cha mu Epulo n'kuuluka ulendo wa ku nyanja ya Victoria. Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa kumene mbalameyi ikadaswana yambiri. Ku South Africa, kumene udzu wa m'mapiri udasanduka minda ya paini, kwatsala mabanja osakwana 50.

Kwa inu anzanga a ntchito zachitukuko, alangizi ndi atsogoleri a makomiti, pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna pulojekiti. Mudzi uliwonse wa m'malire uli ndi munthu wonga adada, wodziwa mapazi, ndiponso mwana wasukulu wodziwa kulemba. Akumanitseni. Kopelo likhale la mudzi, lisapite ku ofesi. Inu mukopere chabe. Alembe ngakhale usiku umene sikudabwere kanthu, chifukwa masiku opanda kanthuwo ndiwo amaonetsa nyengo yeniyeni ya vuto. Alembenso anyani ndi nguluwe, zimene m'midzi yambiri zimadya zochuluka pa chaka kuposa njovu koma sizitchulidwa poti siziopsa. Ndipo midzi yoyandikana iziwerengerana makope, pakuti ndowe zija zidationetsa kuti munda wa kuno ndi wa kutsidya uli pa ulendo umodzi wa njovu imodzi. Mfumu yopita kwa akuluakulu a nkhalango itanyamula masiku, malo ndi chiwerengero imalankhula mosiyana ndi yopita ndi mkwiyo wokha.

Madzulo a tsiku lija mtsikana adalemba mzere wake: njovu 3, wamng'alu ndi anyamata ake, mdima, pa mkuyu. Kope lidatsala ndi masamba awiri, ndipo adada adandipempha chinthu chimodzi chokha, kope latsopano ndi bolopeni, zimene ndidagula pa Bolero n'kutumiza ndi wanjinga. Amuna a m'mudzimo adasonkha tsabola ndi oilo, namanga chingwe kuyambira pa mkuyu kulowera kuchulu mpaka pamene chingwecho chidathera. Patatha masiku anayi mwini nyumba uja adandiimbira foni. Wamng'alu adabweranso. Mapazi adaonetsa kuti adaima pachingwe, nabwerera m'mbuyo, natsata chingwecho m'mbali mwake mpaka kumapeto, n'kulowa m'munda wa munthu wina amene adakana kusonkha nawo. Mayi wamasiye uja adakolola chimene chidatsala, ndipo pamene tinkalankhula pafoniyo, mlandu wa chingwe udali uli pabwalo la mfumu.